Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Mbiri ya Bungwe la Photo League

Munthu akaona chithunzi chakale chakuda ndi choyera, choonetsa ana akusewera mumsewu kapena nkhalamba itatsamira chitseko, kawirikawiri amaganiza kuti wojambulayo adangochita mphumi. Amati adadutsa pamalopo nthawi yabwino, nadina kamera yake, chithunzi n'kubadwa. Mwayi ulipodi pa ntchito imeneyi, koma mbiri imaonetsa kuti pawokha sukwanira. Ambiri mwa akatswiri amene adajambula moyo wa m'misewu adayamba ngati anthu wamba ongokonda kamera, ndipo chidawanola ndi maso a anzawo. Anzawowo ankayang'ana zithunzi zawo ndi kuwauza mosapsatira mawu pamene padakoma ndi pamene padalakwika. Chitsanzo chomveka bwino cha zimenezi ndi bungwe lotchedwa Photo League, limene lidagwira ntchito mumzinda wa New York, m'dziko la America, kuyambira m'chaka cha 1936 mpaka 1951.

Pachiyambi msewu udali chinthu chovuta kuchijambula. M'chaka cha 1838, Mfalansa wina dzina lake Louis Daguerre adaloza kamera yake pa msewu wa Boulevard du Temple, mumzinda wa Paris, ali pazenera la nyumba yosanja. Kamera za masiku amenewo zinkafuna mphindi zingapo kuti kuwala kudinde chithunzi, motero chilichonse choyenda chinkazimirira. Ngolo, akavalo ndi anthu oyenda pansi sadaoneke, ndipo msewu wa piringupiringu udatuluka uli zii ngati bwinja. Amene adaoneka bwino ndi munthu mmodzi yekha, chifukwa adaima malo amodzi nthawi yaitali wina akumupukutira nsapato.

Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. M'chaka cha 1888, George Eastman wa mumzinda wa Rochester, ku America, adatulutsa kamera ya Kodak. Inkagulidwa pa madola 25 ndipo inkabwera ndi filimu yokwanira zithunzi 100. Filimu ikatha, mwiniwake ankatumiza kamera yonseyo ku fakitale, kumene ankamutsukira zithunzi ndi kumuikira filimu ina. M'chaka cha 1900 kudabwera kamera ya Brownie ya dola imodzi yokha, kotero kuti ngakhale ana adatha kukhala nayo. Kenaka m'chaka cha 1925 kampani ya Leitz ya ku Germany idayamba kugulitsa Leica, kamera imene adaikonza ndi Oskar Barnack. Idali yaing'ono yolowa m'thumba la jekete, yojambula zithunzi 36 pa filimu imodzi, ndiponso yofulumira kwambiri moti inkagwira munthu mwendo uli m'malere. Apa msewu udatseguka kwa aliyense. Komabe kukhala ndi khasu si kudziwa kulima. Kamera zidachuluka m'manja mwa anthu, koma owaphunzitsa kupenya adali ochepa.

Photo League idabadwa pa nthawi ya mavuto. M'mwezi wa Okutobala 1929 chuma cha America chidagwa chagada. Mabanki ambiri adatsekedwa, mafakitale adaima, ndipo pofika m'chaka cha 1933 munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse oyenera kugwira ntchito adali pa ulova. Anthu ankandanda m'misewu kudikira buledi ndi msuzi waulere. M'chaka cha 1930 mudayambika mu New York bungwe la Workers Film and Photo League, limene lidali pa ubale ndi bungwe lina la chikomyunizimu lochokera ku Berlin. Ntchito yake idali kujambula masitiraka ndi zionetsero za anthu apantchito, zimene nyuzipepala zikuluzikulu zinkazilambalala. Patapita zaka zochepa opanga kanema adapatukana ndi ojambula zithunzi, ndipo m'chaka cha 1936 ojambulawo adakhazikitsa Photo League motsogozedwa ndi anyamata awiri, Sid Grossman ndi Sol Libsohn. Chiyambi chimenechi n'chofunika kuchikumbukira, pakuti pambuyo pake chidadzasanduka chingwe chomangira bungweli.

Mamembala ambiri adali achinyamata, ana a Ayuda amene adasamukira ku America kuchokera kum'mawa kwa Ulaya. Adakulira m'nyumba zothithikana za ku Lower East Side, Brooklyn ndi Bronx. Masana ena ankagwira maganyu, ena adali m'masitolo ndi m'maofesi, ena adali pa sukulu, ndipo kujambula ankakuchita madzulo ndi pa masiku opuma. Pafupifupi mmodzi mwa mamembala atatu alionse adali wamkazi, chinthu chimene chidali chachilendo m'mabungwe a nthawi imeneyo. Makalabu ena a kamera ankakonda kujambula maluwa, mitsinje ndi kulowa kwa dzuwa. Achinyamata awa adaloza kamera zawo pa zimene ankazidziwa: ana odumpha chingwe, amayi ogulitsa ndiwo pa zikuku, opukuta nsapato, ndi abambo osowa ntchito atakhala tambwali pamakwerero a nyumba.

Zithunzi zawo zidali zakuda ndi zoyera pa zifukwa zomveka. Filimu ya mitundu yotchedwa Kodachrome idayamba kupezeka ya kamera zazing'ono m'chaka cha 1936, koma idali yokwera mtengo, yofuna kuwala kwambiri, ndipo yotha kutsukidwa ndi kampani ya Kodak yokha. Filimu yakuda ndi yoyera munthu ankatsuka yekha. Bungweli lidali ndi chipinda chamdima chimene mamembala ankagwiritsa ntchito mosinthana. M'menemo wojambula ankayamba watsuka filimu kuti apeze negetivi, pamene zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera. Kenaka ankaika negetiviyo m'makina okulitsira chithunzi, nawalitsa pa pepala lapadera. Pepalalo ankaliviika m'mankhwala otulutsa chithunzi, kenaka m'mankhwala oimitsa, pomaliza m'mankhwala okhazikitsa chithunzicho kuti chisafufutike, zonsezi pa kuwala kwa kanyali kofiira. Pa sitepe iliyonse padali chosankha. Ankatha kutchinga kuwala ndi dzanja kuti nkhope iwale, kapena kuwonjeza kuwala kuti thambo lide, kapenanso kudula m'mbali mwa chithunzi. Popeza zonsezi zidali zochita za munthu, zidalinso zoti mnzake angathe kumufunsa.

Mtima wa bungweli udali pa kufunsana kumeneku. M'chaka cha 1938 Grossman adatsegula sukulu ya bungweli, ya malipiro ochepa, ndipo iye mwini adali mkulu wake. Ophunzira ankatumidwa kumisewu ya kwawo kukajambula. Pobwera ankayala zithunzi zawo pamaso pa gulu lonse, ndipo chithunzi chilichonse chinkazengedwa ngati mlandu pabwalo. Zokambirana zidali za kuwala ndi mthunzi, za malo amene wojambula adaima, ndi za zinthu zosafunika zimene zidalowerera m'mbali. Koma Grossman sankalekera pomwepo. Ankafuna kudziwa chimene chidamuimitsa wojambulayo pamalopo, ubale wake ndi munthu amene adamujambula, ndiponso ngati adasendera pafupi kapena adaba chithunzicho ali patali chifukwa cha mantha. Ophunzira ake adamukumbukira ngati mphunzitsi waukali, wa mawu olasa, amene makalasi ake ankatha usiku kwambiri. Ena adakhumudwa nachoka. Ambiri mwa amene adapirira adazindikira kuti wakutsina khutu ndi mnansi, pakuti munthu saona yekha chilema cha chithunzi chimene wachivutikira. Iye amakumbukira phokoso la msewu, fungo lake ndi chisangalalo cha tsikulo, pamene mnzake amaona chokhacho chimene chili papepala.

Kuunikana kumeneku kudali ndi njira zinanso. Bungweli linkasindikiza kanyuzipepala kotchedwa Photo Notes, mmene mamembala ankalemba maganizo awo pa zionetsero ndi mabuku a zithunzi, ndi kutsutsana poyera. Padalinso mpikisano wosangalatsa: mamembala ankapatsidwa mitu, nabalalika mumzinda kukasaka zithunzi zogwirizana nayo, ndipo pobwera ankatsuka msangamsanga kuti oweruza aone tsiku lomwelo. Akuluakulu a lusoli nawo sadawanyoze achinyamatawa. Paul Strand ndi Berenice Abbott adali alangizi awo. Lewis Hine, amene zithunzi zake za ana ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a nsalu zidathandiza pa nkhondo yothetsa mchitidwewo, ankabwera kudzacheza nawo pa ukalamba wake, dziko litamuiwala. Atamwalira m'chaka cha 1940, mwana wake adapereka manegetivi ndi zithunzi zake ku bungweli kuti lizisunge. Weegee, wojambula wa nyuzipepala wotchuka ndi zithunzi za ngozi ndi umbanda wa usiku, adachititsa chionetsero chake kumeneko m'chaka cha 1941. Zipatso za sukulu yotereyi zidaoneka mwa Walter Rosenblum, amene adalowa m'bungweli ali mnyamata wa zaka 17. M'chaka cha 1938 adajambula msewu wa Pitt Street, kufupi ndi kumene adakulira, ndipo zithunzizo zikuwerengedwa pakati pa zabwino koposa za nthawi imeneyo.

Kagulu kodziwika kwambiri m'bungweli kadali Feature Group, kamene adakayambitsa m'chaka cha 1936 ndi Aaron Siskind, mphunzitsi wa Chingerezi m'sukulu za boma. M'kaguluka mudali achinyamata monga Morris Engel, Jack Manning, Harold Corsini ndi Lucy Ashjian. Ankasankha dera limodzi, nalijambula nthawi yaitali, nakumana kawirikawiri kuti akambirane zimene apeza. Ntchito yawo yaikulu idali kujambula Harlem, dera la anthu akuda mu New York, mothandizana ndi mlembi wachikuda dzina lake Michael Carter. Adalowa m'matchalitchi, m'makhitchini, m'nyumba zovinira ndi m'misika kufikira m'chaka cha 1940.

Pa ntchito yomweyi pakuoneka malire a kuunikana kwa anthu ofanana. Ojambula onsewo adali azungu, alendo m'deralo, ndipo pounika zithunzi ankaunikana okhaokha. M'mwezi wa Meyi 1940 magazini ya Look idasindikiza zina mwa zithunzizo, koma akonzi ake adasankha zoonetsa umphawi ndi kuikapo mawu otsindika za umbanda ndi matenda. Harlem wa mabanja olongosoka, wa oyimba, alembi ndi aphunzitsi, sadaoneke mokwanira. Buku la Siskind la zithunzi za Harlem lidadikira mpaka m'chaka cha 1981 kuti lituluke.

Siskind yemweyo adakumana ndi mbali ina yowawa ya kudzudzulana. Adayamba kujambula nyumba zamatabwa za pa chilumba cha Martha's Vineyard, mopanda anthu, chidwi chake chili pa mizere ndi maonekedwe a zinthu. Ataonetsa zithunzizo, anzake ena adamudzudzula kuti wataya njira, popeza sizinkanena kanthu za mavuto a anthu osauka. M'chaka cha 1941 Siskind adachoka m'bungweli. Pambuyo pake adatchuka dziko lonse ndi zithunzi za makoma osupuka utoto ndi miyala, ndipo kuyambira m'chaka cha 1951 adaphunzitsa pa Institute of Design ku Chicago. Nkhani imeneyi ikuonetsa kuti chidzudzulo chili ngati mpeni wa nsengwa ziwiri. Chimathandiza pamene chifunsa ngati munthu wakwanitsa chimene iye mwini ankafuna kuchita. Chimapweteka pamene chikakamiza aliyense kuumba mbiya yofanana ndi ya gulu.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mamembala ambiri aamuna adalowa usilikali, ndipo amayi ndiwo adagwiriziza bungweli. Rosenblum adajambula asilikali akutsika pa gombe la Normandy m'chaka cha 1944, ndiponso kumasulidwa kwa ndende ya Dachau m'chaka chotsatira. Grossman adatumizidwa ku Panama, kumene kajambulidwe kake kadasintha. Adayamba kulola kuti anthu ovina aoneke mogwedezeka pa chithunzi, chinthu chimene kale chikadatchedwa cholakwa. Atabwerera adajambula achinyamata pa gombe la Coney Island m'zaka za 1947 ndi 1948, ali pafupi nawo kwambiri moti mikono ndi nkhope zidadzaza chithunzi chonse. Bungwe lidali litakula, ndipo maganizo ake adali atatambasuka kuposa kale.

Tsoka lidagwa pa nthawi yomweyo. Nkhondo itatha, ubale wa America ndi Soviet Union udasanduka chidani, ndipo mantha a chikomyunizimu adagwira dziko. M'mwezi wa Malichi 1947 Pulezidenti Harry Truman adalamula kuti ogwira ntchito m'boma afufuzidwe ngati adali okhulupirika. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, mkulu wa zamalamulo m'boma, Tom Clark, adatulutsa mndandanda wa mabungwe oganiziridwa kuti ngoukira, ndipo Photo League idali pomwepo. Bungweli silidaitanidwe kuti lidziteteze. Mamembala adangoziona m'nyuzipepala. Zoona zake n'zakuti mamembala ena adalidi a chipani cha chikomyunizimu, koma ambiri adalowa chifukwa cha sukulu, chipinda chamdima ndi anzawo. Akatswiri monga Ansel Adams ndi Edward Weston adaima nalo bungweli, ndipo m'chaka cha 1948 lidachititsa chionetsero chachikulu kuti anthu adzionere okha ntchito yake.

Nkhonya yomaliza idachokera m'nyumba momwemo. M'mwezi wa Epulo 1949, pa mlandu wa atsogoleri 11 a chipani cha chikomyunizimu, padaimirira mboni dzina lake Angela Calomiris. Mayiyu adali membala wa Photo League, ndipo zidadziwika kuti kwa zaka 7 adakhala kazitape wa bungwe lofufuza milandu la FBI. Iye adauza khoti kuti Photo League idali chophimba cha chipanicho ndi kuti Grossman ndiye adamukopera m'chipanimo. Kuyambira pamenepo dzina la bungweli lidasanduka chipsera. Mamembala adaopa kuchotsedwa ntchito ndi kumanidwa ziphaso zoyendera, motero adayamba kuchoka mmodzimmodzi. M'chaka cha 1951 bungwe lidatsekedwa. Grossman adasowa omulemba ntchito, nakakhala nthawi yambiri ku Provincetown, m'chigawo cha Massachusetts, kumene ankawedza nsomba ndi kuphunzitsa ophunzira ochepa. Adamwalira m'chaka cha 1955 ali ndi zaka 42.

Boma silidalande kamera ya munthu, ndipo silidatenthe chithunzi. Chimene chidaonongeka ndi chikhulupiriro. Munthu amayala ntchito yake yosapsa pamaso pa anzake pokhapokha akadziwa kuti zonenedwa m'chipindamo n'zomangira, ndipo zithera momwemo. Zitadziwika kuti mmodzi mwa okhala pabwalopo ankalemba maina, palibe amene akadalankhulanso momasuka. Gulu la ounikana lingathe kupirira umphawi, mikangano ndi nkhondo, monga lidapirira ili, koma kukayikirana kumalipha.

Komabe mbewu idali itagwa kale m'nthaka. Morris Engel, pamodzi ndi Ruth Orkin ndi Ray Ashley, adapanga kanema wa Little Fugitive m'chaka cha 1953, pogwiritsa ntchito kamera yonyamula pamanja m'misewu, ndipo kanemayo adalandira mphoto ku Venice. Harold Feinstein, amene adalowa mu Photo League ali ndi zaka 17, adadzakhala mphunzitsi naye. Mmodzi mwa ophunzira ake adali Louis Draper, mnyamata wachikuda wochokera ku Richmond, m'chigawo cha Virginia. M'chaka cha 1963 Draper ndi anzake achikuda adayambitsa mu New York gulu lawo lotchedwa Kamoinge. Dzinali n'lochokera m'chiyankhulo cha Akikuyu a ku Kenya, dziko limene lidalandira ufulu chaka chomwecho, ndipo limatanthauza gulu la anthu ogwirira ntchito pamodzi. Mtsogoleri wawo woyamba adali Roy DeCarava, mbadwa ya Harlem, katswiri wa zithunzi za mithunzi yakuya. Iwo ankakumana m'nyumba zawo, makamaka Lamulungu, kuyala zithunzi ndi kudzudzulana mosanyengerera. Chosiyana chidali chakuti tsopano anthu akuda ankajambula anthu akwawo ndi kuunikana okha, motero mpata umene udatsala m'chaka cha 1940 udayamba kutsekeka. M'chaka cha 1972 gululi lidalandira membala wake woyamba wamkazi, Ming Smith.

Dziko lidachedwa kuthokoza. Chionetsero chachikulu cha zithunzi za Photo League chidachitika ku Jewish Museum mu New York m'chaka cha 2011, patatha zaka 60 bungwelo litatsekedwa, ndipo cha Kamoinge chidachitika ku Virginia Museum of Fine Arts ndi ku Whitney Museum m'chaka cha 2020. Zithunzi zimene achinyamata adajambula ataweruka ku maganyu tsopano ndi umboni wa mmene anthu wamba ankakhalira, ankavalira ndi kusewerera m'zaka zimenezo.

Masiku ano kamera ili m'foni ya m'manja, ndipo kusandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera n'kongodina kamodzi. Chipinda chamdima sichifunikanso kwa ambiri. Koma chimene achinyamata a Photo League ankachifuna pokwera makwerero a nyumba yawo madzulo sichidasinthe, ndicho mnzako woona ntchito yako ndi kukuuza zoona. Mbiri yawo ikuphunzitsa kuti kuyamikira kokhakokha sikukulitsa luso, kuti wodzudzula ayenera kuyamba wamvetsa cholinga cha mnzake, ndi kuti bwalo la ounikana limafunika anthu osiyanasiyana komanso okhulupirirana. Phunziro limeneli ndi la wojambula zithunzi, komanso la mlembi, wosema, woumba ndi wophunzira aliyense amene amapereka ntchito yake kwa mnzake kuti ayione. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga.